Yankho kwa achimwene pa za injini ya Ross Revenge

Eee achimwene, mwaswera bwanji kumeneko? Ndamva funso lanu lija la sitima ya wailesi, Ross Revenge, loti kodi injini yoti yagona zaka zonsezi ingaliranso. Ikhoza kulira, koma wothamangira kuiliza ndi amene amaipha.

Sitimayo anaipanga mu 1960 ku Bremerhaven, ku Germany, ndipo inali yophera nsomba. A wailesi ya Radio Caroline anaitenga n'kuyamba kuulutsira mawu ali panyanja ya North Sea mu 1983. Mlongoti wake wa mamita pafupifupi 90 unagwa mu Novembala 1987, kenako mu 1991 inakatitimira mumchenga wa Goodwin Sands n'kuikokera ku doko la Dover, ku England. Pano ili pa nangula mumtsinje wa Blackwater ku Essex, ku England komweko. Madzi ake ndi amchere, achimwene, osati ngati amene Ilala imayendamo. Mchere umadya chitsulo usana ndi usiku.

N'chifukwa chake ntchito siyambira pa injini. Imayambira pa mavalavu olowetsa madzi a m'nyanja oziziritsira makina. Paipi imodzi yokha ikabooka pamenepo, sitima imadzadza madzi ili chiimire. Ndiye mavalavuwo atsekeke bwinobwino, mapampu opopa madzi apansi agwire ntchito, ndipo kukhuthala kwa chitsulo cha thupi la sitima kuyezedwe.

Kenako majenereta, chifukwa popanda magetsi palibe pampu kapena kompresa imene ingayende. Musanalize jenereta, yezani mawaya ake ndi megger ya mavoti 500, kachipangizo koyezera ngati zokutira mawaya sizikudutsitsa magetsi. Ikawerenga pansi pa megaohm imodzi, ndiye kuti mawaya amwa chinyezi. Ikani mahita masiku angapo, muziyeza tsiku lililonse mpaka nambala ikwere n'kukhazikika. Mukailiza ili yonyowa, mawaya amapsa.

Dizilo wakale musamukhulupirire. Pansi pa thanki pamakhala madzi, ndipo pamene madzi akumana ndi dizilo pamamera tizilombo topanga matope akuda amene amatseka mafyuluta. Thanki itsukidwe, kapena poyamba muziyamwitsa makinawo kuchokera mu dramu yoyera.

Tsopano injini yaikuluyo. Ndi Werkspoor ya ku Holland, masilinda 10. Chotsani mainjekita onse, tija topopera dizilo m'masilinda, muunike mkati mwa silinda iliyonse. Thirani oilo wofewetsa dzimbiri, musiye sabata imodzi kapena ziwiri, osafulumira. Tsegulani zitseko za m'mbali muone crankshaft, chitsulo chachitali chimene mapisitoni amazunguza, ndi mabering'i. Oilo wa pansi akaoneka ngati tiyi wamkaka, muli madzi, mutayeni yense. Mukathira watsopano, mupopeni ndi pampu yapadera mpaka muone akutuluka pa bering'i iliyonse. Pamenepo m'pamene mumazunguza flywheel, gudumu lalikulu lolemera la injini, pang'onopang'ono, maulendo awiri athunthu, timavalavu ta pamutu pa masilinda tili totsegula. Ikakana, musaikakamize. Bwererani m'mbuyo pang'ono, thiraninso oilo, dikirani. Chifukwa chake n'chakuti madzi sapanikizika. Ngati mu silinda muli madzi inu n'kukankha ndi mphamvu, mkono wa pisitoni umapindika, ndipo wa injini ya 1960 simuupeza pa shelefu. Ndi kuchita kuusulitsa, ndalama zake zosayamba.

Injini zoterezi sizilira ndi batire ngati galimoto ayi. Zimalira ndi mpweya wopanikizidwa m'mabotolo achitsulo, nthawi zambiri mabaa 25 mpaka 30 (baa ndi muyeso wa kupanikizika kwa mpweya). Mabotolowa amachita dzimbiri chamkati, kunja akuoneka abwinobwino. Amayesedwa ndi madzi kaye, osati ndi mpweya, chifukwa botolo likaphulika ndi mpweya ndi bomba. Tsiku loliza, munthu mmodzi aime ndi thabwa lolimba polowera mpweya umene injini imapuma. Gavanala, chipangizo cholamulira liwiro la injini, ikakakamira, injini imathamanga yokha osamvera, ndipo njira yoizimitsa ndi kuitseka mpweya. Ikalira, ingoyenda mphindi zisanu, muzimitse, mudikire pang'ono, kenako mukhudze mabering'i. Yotentha kuposa zinzake ndiye ili ndi vuto.

O, ndimaiwala. Zoyera zokutira mapaipi a utsi pa sitima za nthawi imeneyo kawirikawiri ndi asibesitosi, amene fumbi lake limawononga mapapo. Osakanda, osasesa, amachotsa ndi akatswiri.

Za transmitter, makina oulutsira mawu a m'sitimamo, ya kampani ya RCA ya makilowati 50, anthu amaopa injini koma chopha msanga ndi chimenechi. Imagwiritsa ntchito mavoti masauzande, ndipo makapasita, zipangizo zosungira magetsi, amasunga moto ngakhale mwazimitsa. Musanaikemo dzanja, mumagunda paliponse ndi ndodo yolumikiza ku thupi la sitima. Makapasita akale ena ali ndi oilo wapoizoni, akamadontha osagwira ndi manja. Komabe kuikonza n'kongofuna kusunga mbiri, chifukwa kuyambira 2017 Radio Caroline ili ndi chilolezo pa 648 kHz, ndipo mawu amatulukira pa transmitter ya kumtunda ku Orford Ness, ku England.

Basi, foni ikutha moto. Mupereke moni kwa alamu ndi ana.