Funsani Dokotala: Zidole za mwana ndizitsuka ndi chiyani?

Funso: Adokotala, mwana wanga ali ndi miyezi 9, wayamba kukwawa ndipo chilichonse chomwe watola chimathera m'kamwa. Zidole zake zambiri ndinagula pa kaunjika ku Kasungu boma. Apongozi anga akuti ndizizikwecha ndi phulusa, mnzanga akuti ndizizinyika mu Jik tsiku lililonse, pomwe pa Facebook ndinawerenga kuti viniga ndiye wabwino chifukwa saononga chilengedwe. Ndimvere ndani? Mayi wa ku Santhe, Kasungu

Yankho: Mayi, zomwe mukufuna zili kale pakhomo panupo: sopo wamtanda, madzi a pamjigo ndi dzuwa. Sopo amasungunula mafuta ndi litsiro lomwe tizilombo timakanirirapo, ndiye potsukuluza madzi amatikokolola. Ntchito yaikulu ili pa kukwecha. Tengani mswachi wakale, mulowe nawo m'makona ndi m'mizere momwe mumatsalira phala ndi dovu, tsukuluzani bwino, kenako yanikani pathandala la mbale mpaka ziume gwa. Chomwe mwana amaluma tsiku ndi tsiku muzichitsuka madzulo alionse, zinazo kamodzi pa sabata. Madzi otsalawo kathirireni nthochi, palibe chomwe aononge.

Zidole zansalu, makamaka zaubweya za pa kaunjikazo, zichapeni ndi madzi otentha musanampatse mwana, chifukwa simukudziwa komwe zachokera. Zimenezi zimanamiza: kunja zimaoneka zouma m'kati muli chinyontho, ndipo nyengo ya dzinja zimachita nkhungu. Ngati chikununkha chuku ngakhale mwachichapa, chisiyeni. Zamatabwa musazinyike, zimafufuma n'kung'aluka. Kungozipukuta ndi kansalu ka sopo n'kokwanira. Zijazi zapulasitiki zolira mukazifinya zimasunga madzi m'kati kudzera pakabowo kake, ndipo ine sindizikonda n'komwe.

Apongozi anu sanalakwe kwenikweni. Sopo akatha, phulusa la nkhuni losefa bwino limathandiza, koma ndi laukali. Mukudziwa momwe chidulo chimafewetsera therere, ndiye ganizirani kakamwa ka khanda. Mukaligwiritsa ntchito tsukuluzani kawiri katatu. Soda wophikira uja ndi wofatsako, amachotsa fungo ndi zomatirira. Viniga ndi madzi a ndimu zimayeretsa ndithu, koma musazidalire kuti zipha tizilombo toyambitsa kutsekula m'mimba.

Za Jik tsiku lililonse ayi, n'kuononga ndalama, ndipo fungo lake limatsamwitsa ana. Nthawi yake ndi pamene m'nyumba muli wotsekula m'mimba kapena kusanza, chidole chakhudzana ndi chimbudzi, kapena m'dera mwabuka kolera monga zinalili mu 2022 ndi 2023, pomwe matendawa anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Zikatero, yambani mwatsuka ndi sopo, chifukwa klorini wa mu Jik sagwira bwino ntchito pa chinthu chalitsiro. Ngati botolo lalembedwa 3.5%, thirani masupuni aakulu 2 m'lita imodzi ya madzi ozizira, nyikani zidole zapulasitiki kwa mphindi 10, mutsukuluze ndi madzi abwino n'kuyanika. Chonde musasakanize Jik ndi viniga kapena ndimu poganiza kuti mphamvu ichuluka. Zikakumana zimatulutsa mpweya wa poizoni womwe umaotcha maso ndi mapapo.

Tsopano ndinene zomwe simunafunse. Ku sikelo, ana ambiri otsekula m'mimba omwe timawaona vuto silikhala chidole chenichenicho, koma pansi pomwe chinagwera. Mwana wokwawa pabwalo pomwe pamayenda nkhuku ndi mbuzi amadya zitosi osadziwa aliyense. Myalireni mphasa kapena chitenje choyera, sesani pabwalo, ndipo muzimsambitsa m'manja ndi sopo asanadye. Onaninso m'buku lake la kusikelo ngati analandira katemera wa rota, woteteza ku kachilombo kena koyambitsa kutsekula m'mimba, yemwe anayamba kuperekedwa m'dziko muno mu 2012. Akayamba kutsekula, mpatseni Thanzi ORS, pitirizani kuyamwitsa, ndipo pitani naye kwa alangizi a zaumoyo kapena kuchipatala kuti akalandire mankhwala a zinc.

Pali zidole zina zomwe ngakhale mutazitsuka chotani sizikhala bwino. Kwanuko ndi kwa alimi a fodya, ndipo mabotolo otha a mankhwala opopera ku nazale kapena othira m'chimanga ana amawasandutsa magalimoto. Mankhwalawo satheratu m'botolo, choncho lisapezeke pomwe ana amasewera. Chidole chomwe penti yake ikusupuka chitayeni, chifukwa penti ina imakhala ndi mtovu womwe umaononga ubongo wa mwana. Zoimba ndi zoyaka magetsi muzione pomwe pamakhala batire: ngati chotsekera chake chilibe sikuluwu, chotsanimo timabatire tozungulira tija. Mwana akameza kabatire kamodzi kokha, kamatha kuotcha kummero m'maola awiri okha, ndiye osadikira kuti katuluka ndi chimbudzi. Thamangirani naye kuchipatala cha boma ku Kasungu nthawi yomweyo, ngakhale akuseka ndi kusewera.