Thanki ya malita 54 si Nyanja ya Malawi

Mayi wina wa ku Luchenza anandilembera imelo sabata yatha. Anamugulira mwana wawo thanki ya galasi yowetera nsomba ya masentimita 60 m'litali, 30 m'lifupi ndi 30 kuya kwake, ndipo muli kale ma goldfish awiri. Tsopano alamu awo a ku Monkey Bay alonjeza kubweretsa mbuna zinayi, nsomba za m'miyala ya m'Nyanja ya Malawi, mwana nayenso akulirira betta ndi ma guppy, tinsomba tokongola ta kunja timene anaona m'sitolo ku Limbe. Akufunsa ngati zonsezi zikwanamo.

Mayi, sizikwana, ndipo ngakhale zikanakwana sizingagwirizane.

Chulukitsani 60 ndi 30 ndi 30, mugawe ndi 1000, mupeza malita 54. Mukachotsapo mchenga, miyala ndi kampata kapamwamba, madzi enieni ndi malita ngati 45. Zimenezo ndi ndowa ziwiri zotungira kumjigo ndi kachidebe pang'ono, basi. Nsomba zimadyera momwemo, zimachitanso chimbudzi momwemo. Chimbudzicho chimatulutsa amoniya, poizoni amene amawotcha makha. Amene amamugwetsa mphamvu ndi mabakiteriya okhala mu fyuluta yosefa madzi, ndipo m'thanki yatsopano amatenga milungu 4 mpaka 6 kuti achuluke. Madzi akhoza kuoneka mbee koma ali ndi ululu.

Ma goldfish anuwo ndiwo vuto loyamba. Lero ndi aang'ono ngati matemba, koma ndi abale a nsomba zazikulu zotchedwa carp: amapitirira masentimita 20, amakhala zaka zoposa 10, ndipo amadya ngati ali pa maliro a mfumu. Awiriwo adzaza kale thankiyo. Akakula muwapezere munthu wa damu la nsomba, koma chonde musakawataye mu Ruo kapena mu Thuchila.

Za mbuna, alamuwo muwathokoze mwaulemu koma mukane. Ndikudziwa kuti zimapweteka, nsomba yathuyathu imene azungu ku Ulaya amaigula ndi ndalama zambiri. Koma mbuna ndi ndewu yokhayokha. Yamphongo imasankha mwala wake n'kuyamba kuthamangitsa chilichonse chodutsa. Kunyanja wofooka amathawira ku mwala wina. M'galasi la masentimita 60 athawira kuti? Mudzampeza pakona pamwamba, zipsepse zitathothoka, mtundu utazilala. Mbuna zimafuna malita 200 kupita m'tsogolo, miyala yambiri ndi madzi ofunda a madigiri 24 mpaka 26. Muwafunsenso komwe akukazigwira, chifukwa kuzilumba za Lake Malawi National Park ku Cape Maclear n'zotetezedwa.

Betta ndi guppy nazo n'chimodzimodzi mphaka ndi khoswe. Betta wamphongo akaona mchira wa guppy ukupepeluka amayesa mnzake wobwera kudzalimbana naye.

Chimene mabuku a kunja sakuuzani ndi nyengo yathu ino. Chiperoni chikatsika mu June ndi July, kuno ku Mulanje ndi Thyolo madzi a m'thanki yaing'ono amazizira msanga usiku, pamene betta, wochokera ku Thailand, amafuna madigiri 24 kupita m'mwamba. Hita yotenthetsera madzi ilipo, inde, koma imadalira magetsi. Ine zinandionekera kwathu ku Chitakale. Ndinali nditadzaza ma guppy m'thanki ngati yanuyi, magetsi anathima madzulo mpaka kucha, fyuluta n'kusiya kuyendetsa madzi. Mamawa ndinapeza ambiri ali pamwamba, tikamwa yasa, kufuna mpweya. Angapo anali gada pamchenga. Thanki ina ya pawindo, ya tinsomba tisanu ndi kamodzi, munalibe chimene chinachitika.

Ndiye ma goldfish akachoka, sankhani mtundu umodzi. Ngati mulibe hita, funani tinsomba ta mizeremizere totchedwa ma zebra danio, 6 kapena 8; amapirira mpaka madigiri 18, amayenda pagulu, mwana sadzatopa kuwayang'ana. Ngati hita muli nayo, betta mmodzi yekha, kapena ma guppy aamuna okhaokha 6. Mukaikamo wamkazi, mwezi uliwonse mudzalandira ana 20 kapena kuposa, muyambe kugawira a mpingo onse.

Sabata iliyonse chotsani theka la ndowa n'kuthiramo madzi ena. Akakhala a pampopi, muwagoneke m'ndowa yosavundikira tsiku lathunthu kuti klorini auluke. Chakudya n'chimene chingathe m'mphindi ziwiri, ndipo kabotolo kake muziika pamwamba pa kabati, poti wodyetsa ndi mwana.