Achemwali, za giyabokosi ya galimoto yanu ija

Achemwali, mwaswera bwanji? Pepani ndachedwa kuyankha, ndinali pa ntchito. Ndati ndingolankhula chifukwa nkhaniyi kuilemba ingatalike. Mwati injini ikulira bwinobwino koma galimoto sikukoka, mukaika pa D ikumakhala kaye kenako n'kudzidzimuka, ndipo makaniko wati giyabokosi yatha, mukagule ina kwa ophwasula magalimoto. Ndiye mukufunsa ngati kuika yakale si kutaya ndalama. Ayi, si kutaya ndalama. Ambiri amaika yakale n'kuyendera zaka ndithu. Koma chonde musadzukire kukagula mawa, mundimvetsere kaye.

Yambani mwatsimikiza kuti yathadi. Galimoto ya automatic ikachepa oyilo wa giyabokosi imachita zomwe mwanenazi ndendende. Nthawi zina ndi sensa yafa, kapena solenoid imodzi, tinthu tating'ono tosintha popanda kutsitsa giyabokosi yonse. Makanikoyo apite nayo pa kompyuta yoyezera magalimoto, aiyeze. Manambala oyamba ndi P07, monga P0700, ndi amene amaloza ku giyabokosi, ndipo muwauze akulembereni papepala. Oyilonso muuone nokha ndi maso anu. Pa magalimoto ambiri amayeza injini itatentha, ikulira, galimoto ili pamalo osapendekeka. Adontheze pa kansalu koyera. Wa automatic wabwino amakhala wofiira, woonekera. Akakhala wakuda, akununkha kupserera, ndiponso mukuona tizitsulo tonyezimira, basi, makaniko wanena zoona. Ndipo musaikoke ndi chingwe matayala okoka ali pansi. Injini ikazima pampu ya oyilo siizungulira, zitsulo zimangokhuzana zouma. Ainyamule.

Tsopano pogula. Musapite n'kukangotchula dzina la galimoto ndi chaka ayi. Magalimoto awiri ofanana nkhope amatha kukhala ndi magiyabokosi osiyana. Mwachitsanzo pa Toyota, pa kachitsulo kapena kapepala kamene pali nambala ya chassis, pamalembedwanso nambala ya giyabokosi. Injini imodzimodzi ya 1NZ, ina imabwera ndi U340E ya magiya anayi, ina ndi U340F chifukwa imakoka matayala onse anayi, ina ndi K310 imene ndi CVT, ya lamba wachitsulo m'kati. Izi sizilowana. Ngakhale mabawuti atagwirizana, mawaya ndi kompyuta ya galimoto zimakana. Ndiye jambulani nambala yanuyo pa foni, mujambulenso mapulagi onse a pa giyabokosi yakufayo, mukafananitse komweko limodzilimodzi.

Mukawafunse ogulitsawo kuti yachokera m'galimoto yotani. Yabwino kwambiri ndi yochokera m'galimoto imene inachita ngozi, makamaka yogundidwa kumbuyo, chifukwa imeneyo inali ikuyenda mpaka tsiku la ngoziyo. Koma galimoto yosaphwanyika paliponse, thupi lonse lili bwino, koma ili kwa ophwasula, mudzifunse kuti inafikako bwanji. Mwina vuto lake ndi lomweli lanu. Ngati ikadali pa galimoto, onani makilomita. Ngati anaitsitsa kale, onani kumene yakhala. Yokhala panja, mabowo osatseka, mvula ikugwerapo, isiyeni. Madzi akalowa, oyilo amasanduka ngati wathiridwa mkaka, ndipo zimbale za m'kati zimasupuka. Apempheni atsegule sampu, chimbale chapansi chimene chimasunga oyilo. Muli maginito mmenemo. Kafumbi kakuda kosalala ngati phala pa maginitopo n'kachibadwa, koma tizidutswa tolasa chala tikutanthauza kuti china chake chasweka.

Apa ndiye mumvetsetse, Achemwali, chifukwa ine zinandionekera. Mukukumbukira galimoto yanga yoyera ija? Ndinagula giyabokosi yakale yabwinobwino, oyilo wake wofiira, maginito oyera. Anaiika, ndinayenda nayo mosangalala. Sipanathe mwezi, inayamba kutereranso pokwera mtunda. Ndinabwerera kwa wogulitsa nditakwiya, ndikuti wandigulitsa yakufa. Iye anangofunsa kuti, kodi mapaipi opita ku rediyeta munatsuka? Sitinatsuke. Oyilo wa giyabokosi amatuluka pa paipi, n'kukadutsa m'kachigawo kake mu rediyeta kuti azizire, n'kubwereranso. Giyabokosi yoyamba ija ikufa, zinyenyeswa zake zonse zinakakhala mmenemo. Titaika inayo, oyilo watsopano anakokolola zinyalala zija n'kuzilowetsa m'tinjira ting'onoting'ono ta mavavu. Tsiku limene tinatsegula paipi ija n'kupopera, munatuluka matope akuda onyezimira, ndinawagwira ndi zala, ankamveka ngati mchenga. Ndinalipira kawiri, giyabokosi komanso ntchito, mwana akudwala nthawi yomweyo. Zinandipweteka kwambiri, ndipo sindikufuna kuti inu mudutse momwemo. Muime pomwepo, muone akutsuka mapaipiwo mpaka zotuluka zikhale zoyera. Zikakanika kuyera, asinthe rediyeta kapena aike kozizitsira oyilo kapadera.

Chinanso ndi torque converter, chija chozungulira cholemera chimene chimakhala pakati pa injini ndi giyabokosi. Igulidwe pamodzi ndi giyabokosiyo. Yanu yakale musabwezeremo, nayonso yadzaza zinyenyeswa ndipo siitsukika bwino. Poika, imayamba yalowetsedwa ku giyabokosi, akuizunguza pang'onopang'ono, imamveka kulowa kawiri kapena katatu mpaka itakhala m'kati ndithu. Giyabokosi ikamakana kukumana ndi injini, pakutsala kampata, asaikoke ndi mabawuti mokakamiza. Ndi mmene pampu imathyokera, galimoto isanalire n'komwe. Makaniko wodziwa sakwiya mukamufunsa zimenezi.

Poti zonse zikhala zili pansi, asinthiretu ma seal, timalabala toletsa oyilo kudontha: ya kumbuyo kwa injini, ya pa converter, ndi za mbali kumene kumalowa mashafti. Ndi tinthu totsika mtengo, koma kakadzayamba kudontha pambuyo pake, ndiye kutsitsanso giyabokosi yonse. Filita nayo ikhale yatsopano. Oyilo akhale amene buku la galimoto likunena, osati aliyense wofiira. CVT ili ndi oyilo wakewake, mukathira wa automatic wamba lamba amaterera n'kuwononga zonse. Ku Toyota kuli T-IV, kuli WS, ndipo ya CVT ina pambali. Ku Nissan, wa CVT kuli NS-2 ndi NS-3. Mugule nokha, chigubu chosatsegula, athire inu mukuona.

Eya, ndisaiwale walanti. Ogulitsa asakuuzeni pakamwa chabe kuti ikavuta mudzabwere. Alembe pa lisiti masiku amene akupereka, nambala ya giyabokosi, ndiponso ngati adzabweza ndalama kapena adzakupatsani ina. Mufunsenso kuti masikuwo akuyamba tsiku logula kapena tsiku loika, chifukwa galimoto ikhoza kukhala ku galaja sabata ziwiri walanti akutha. Dziwaninso kuti kawirikawiri amangosintha chitsulocho, ndalama ya makaniko sabweza. Ambiri amapaka penti pa mabawuti kuti adziwe ngati mwaitsegula, ndiye za kutsegula sampu ndi kusintha filita mugwirizane nawo musananyamule.

Ikaikidwa, musangoitenga n'kupita kunyumba. Yendani naye makanikoyo mtunda wautali ndithu, itenthe, ikwere chitunda, magiya onse alowe, ndi livesi yomwe. Magalimoto ena amafuna kuti kompyuta ifufutidwe zakale, iphunzire giyabokosi yatsopanoyo, ndiye masiku oyamba ikhoza kusintha magiya mwachilendo pang'ono. Koma kuterera, kugunda kwamphamvu kapena fungo lopserera, bwererani tsiku lomwelo. Usiku woyamba muyale katoni pansi pake, m'mawa muone ngati padontha kanthu.

Ndiye chitani chonchi, Achemwali: nditumizireni chithunzi cha nambala ija ndi pepala la ku kompyuta lero lomwe. Loweruka sindikugwira ntchito, ndibwera tipitire limodzi kukaona. Musapereke ndalama kwa aliyense ndisanafike. Alamu ndi ana muwapatse moni.