Musawakalipire, funsani kaye amene amawaphikira

Achemwali, mawu anu oti bambo anu "samva" chifukwa shuga ndi BP sizikutsika komanso thupi likungokula andibaya mumtima. Mayi anga ankanenedwa chimodzimodzi.

Bambo anga atamwalira, mayi anatsala okha ndi zidzukulu zomwe achimwene anga anangozitula n'kupita, osatumiza ngakhale kangachepe. Ndalama ikachepa munthu amagula chokhutitsa osati chopatsa thanzi, ndipo kabwino kakapezeka kamapita kwa ana. Amati munthu azilimbitsa thupi mphindi 150 pa sabata, koma ayenda bwanji wopweteka mawondo, ana ali pakhomo opanda wowayang'anira? Ankagula diclofenac kuti ululu uchepe, osadziwa kuti amakweza BP ndi kufooketsa impso. Kuchipatala tsiku la shuga lina, la BP lina, ulendo uliwonse ndalama yoyendera. Maulendo ena ankaphonya chifukwa chosowa ndalama.

Ndiye wachipatala wina anawazazira pamaso pa anthu pamzere, akuti agogo mukudya kwambiri, mudzadulidwa mwendo. Sanafunse kuti akukhala ndi ndani, akudya chiyani, amawaphikira ndani. Mayi anabwerako ndi manyazi ndi mantha, n'kuyamba kudumpha chakudya mobisa, mankhwala awo a shuga otchedwa glibenclamide akumwabe monga mwa masiku onse. Ndinawapeza m'mawa ali pansi pambali pa bedi, thukuta thupi lonse, manja akunjenjemera, akulankhula zosamveka. Ndinawaitana, anandiyang'ana osandizindikira, ine mwana wawo! Kamdzukulu kakang'ono kanali pakhomo kakulira, kakuti agogo akana kudzuka. Atawayeza, shuga anali pansi pa 3, pomwe akangotsika pansi pa 3.9 ndi ngozi kale. Mankhwala a glibenclamide aja amatsitsa shuga kaya munthu wadya kaya sanadye, ndipo impso zikafooka amakhalitsa m'thupi. Palibe anawauzapo zimenezi. Achimwene anafika madzulo manja ali m'thumba, n'kumandifunsa chifukwa chomwe sindinawasamalire mayi. Iwowo! Mpaka lero mtima umandiwawa ndikakumbuka.

Inu bambo anuwo pitani nawo nokha kuchipatala, musawatumize okha. Mankhwala onse, ngakhale ogula okha a ululu aja, muike m'thumba limodzi adokotala awaone. Pemphani awayeze impso, HbA1c (kuyeza magazi koonetsa mmene shuga wakhala akuyendera pa miyezi iwiri kapena itatu yapitayi), maso ndi mapazi. Zomwe achipatala anene azitsatira ndithu, ndipo pa chakudya musawanyengerere, mbale ichepe, mchere ndi zotsekemera zichepe. Kungoti asagone ndi njala atamwa mankhwala, ndipo pafupi ndi bedi pazikhala kanthu kotsekemera, akayamba kunjenjemera ndi kutuluka thukuta amwe msanga. Akakomoka musawamwetse kanthu, thamangani nawo kuchipatala. Abale anu muwaitane mukhale pansi, aliyense anene chomwe azipereka pa chakudya ndi mayendedwe, ndipo amene ali ndi ana kwa bamboko akawatenge.