Kwa achimwene ofuna kulemba pulogalamu yoyerekezera ubongo

Achimwene, mwati muli anthu asanu, mumakumana Loweruka lililonse ku Area 47, ndipo mukufuna kulemba pulogalamu yanuyanu yoyerekezera mmene maselo a muubongo amatumizirana uthenga. Funso lanu ndi lakuti muyambire pati, nanga mapulani a zaka zisanu akhale otani. Mayankho a anzanga pamwambapa ndawerenga. Ambiri akukangana za zinenero zolembera mapulogalamu, C++ ndi Rust, ena akuti popanda GPU (chipangizo cha mu kompyuta chowerengera masamu ambiri nthawi imodzi) musayambe n'komwe. Ine nkhawa yanga ili pena: asanu inu mukadzabalalika, wina ku Johannesburg, wina atapeza ntchito kubanki, adzidzaisamalira ndani pulogalamuyo?

Masamu si amene angakugwetseni. Asayansi awiri, Hodgkin ndi Huxley, anawalemba kale mu 1952 atapima mtsempha waukulu wa nyama ya m'nyanja yotchedwa squid, ndipo wophunzira wa chaka chachiwiri ku yunivesite akhoza kuwaika mu chinenero cha kompyuta cha Python madzulo amodzi n'kuona selo likuthetheka, kutanthauza kutumiza uthenga, pa sikirini. Chisangalalo cha tsiku limenelo ndimachidziwa, n'chimene chimatinamiza kuti ntchito yatha theka. Koma walira mvula walira matope. Matope ake ndi munthu amene adzakulembereni patatha zaka zitatu kuti code yanu yasiya kugwira pa kompyuta yake yatsopano, inu mutaiwala kale chimene munkatanthauza pa mzere wa 400.

Ndikufotokozereni zimene zinandionekera. Ndinali ndi ka model ka maselo mazana ochepa komwe ndinalemba mu Python 2. Atasiya kuisamalira Python 2 mu Januwale 2020, ndinakasamutsira ku Python 3. Zolakwika zoonekera ndinakonza msanga, monga mabulaketi a print. Kanathamanga bwinobwino popanda dandaulo, koma zotsatira zake zinali zachilendo, maselo akuthetheka mosiyana ndi kale. Ndinatha masabata awiri ndikukayikira sayansi yanga. Kenako ndinapeza kuti pamalo ena ndinagawa nambala ziwiri zathunthu. Mu Python 2, 1/2 amapereka 0. Mu Python 3 amapereka 0.5. Ndiye kuti zotsatira zakale zija, zomwe ndinkazinyadira, ndi zimene zinali zolakwika. Ndikanakhala ndi ma test oyerekeza yankho la kompyuta ndi yankho lodziwika la papepala, ndikanazigwira tsiku loyamba. N'chifukwa chake pa mapulani anu ma test akhale patsogolo, liwiro libwere pambuyo.

Za kukula musapikisane nazo. Mu 2013 pulogalamu yoyerekezera ubongo ya NEST inathamanga pa chikompyuta champhamvu cha K computer ku Japan ndi maselo 1.73 biliyoni, ndipo sekondi imodzi ya ubongo inatenga mphindi 40. Ubongo wa munthu uli ndi maselo otumiza uthenga pafupifupi 86 biliyoni. Mpikisano umenewo tiusiyire eni makina.

Chimene tingaphunzire kwa iwo ndi mmene akhalitsira. Pulogalamu ya NEURON, ya Michael Hines, inayamba m'zaka za m'ma 1980 ndipo anthu akuigwiritsabe ntchito. Poyamba inali ndi chinenero chakechake, hoc, kenako anawonjezera Python poona kumene anthu akulowera, koma ma model akale sanawataye. NEST ndi ya m'ma 1990. Brian, ya Romain Brette ndi Dan Goodman, inatuluka mu 2008, ndipo pambuyo pake anailembanso mwatsopano kukhala Brian 2, momwe munthu amangolemba ma equation ake, pulogalamu n'kumupangira code yothamanga. Tsono onani mbali ya ndalama: Human Brain Project, ndi chuma chonse cha ku Ulaya chija, inayamba mu 2013 n'kutha mu 2023. Blue Brain Project ya ku Switzerland inatseka kumapeto kwa 2024. Mapulojekiti amatha monga timaonera kunoku thandizo la ma donor likauma. Mapulogalamu amene atsala ndi omwe ali ndi anthu ambiri owakonza m'mayiko osiyanasiyana.

Ndiye ine ndikanakhala inu sindikanalemba injini yatsopano, ndiye kuti pulogalamu ina yothamangitsira ma model ngati NEURON kapena NEST. Chaka choyamba ndikanatenga model imodzi pa ModelDB, nkhokwe ya pa intaneti ya ma model a ofufuza, n'kuithamangitsa mpaka zithunzi zake zifanane ndi za mu pepala la eni ake, kenako n'kuilembanso mu PyNN kapena NeuroML. Izi ziwirizi zinapangidwa kuti model ikhale payokha, injini payokha, kuti injini ikafa model isaikidwe nayo m'manda. Mukamachita zimenezi mudzakumana ndi tizolakwika tenitenti, ndipo kutumiza kokonza kwanu pa GitHub, tsamba limene anthu amagawanirapo code, kudzakuphunzitsani zambiri kuposa kuyamba pa tsamba loyera.

Pali gawo lomwe ifeyo tikulidziwa bwino kuposa ofufuza a ku Jülich (Germany) kapena Yale (America). Iwo magetsi sawathimira pakati pa ntchito. Ine simulation ya maola asanu ndi limodzi inandifera ku Area 25 batire la laputopu litatha, kutatsala pang'ono kuti imalize, ndipo panalibe chomwe inasunga. Nazi zimene tikusowa. Kachida kosavuta kosunga pamene ntchito yafika mphindi khumi zilizonse, koti magetsi akabwera izipitirira pomwepo. Malangizo owerengeka popanda intaneti. Njira yoikira pulogalamu kuchokera pa flash osawononga bandulo: izi mukhoza kuzimanga pamwamba pa Brian 2 kapena NEURON, ndipo anzathu a ku Lusaka ndi Kampala adzazifuna.

Musaiwalenso funso la sayansi. Pulogalamu yopanda funso imangokula mbali zonse ngati dzungu. Khunyu ndi lofala kwathu kuno, ndipo ana ena opulumuka malungo a muubongo amatsala nalo. Pezani dokotala kapena mphunzitsi mmodzi amene amawerenga EEG (zojambula za magetsi a muubongo), akuuzeni chomwe akufuna kumvetsa, ndipo model yanu iyambire pamenepo.

Mmodzi wa inu ayese kufunsira malo ku Imbizo, sukulu ya masabata ochepa ya maphunziro amenewa yomwe imachitikira ku Cape Town. Enanu chitani maphunziro a Neuromatch, sukulu ina ya zomwezi yochitikira pa intaneti, zophunzira zake zili pa intaneti mwaulere. Loweruka likubwerali ndili mu tauni. Mukandilola ndibwera ndi flash yomwe ili ndi Brian 2 komanso ka model kanga kaja, mudzafufuze nokha mzere wa 1/2 uja.