Kodi pali gitala yamagetsi yopangidwira lidi yokha?

FUNSO: Ndimaimba gitala yamagetsi ya mtundu wa Telecaster m'gulu lathu, ndipo mpaka posachedwapa ntchito yanga inali yoimba rizimu. Tsopano anzanga andipempha kuti ndiyambe kuimba lidi, koma mmodzi mwa iwo akunenetsa kuti Telecaster ndi gitala ya rizimu ndi ya nyimbo za country basi, choncho ndiyenera kugula Les Paul kapena Ibanez. Ife timaimba nyimbo zauzimu, reggae, rumba ndiponso rock mwa apo ndi apo. Kodi zimenezi n'zoona?

YANKHO: Zimene mnzanuyo wakuuzani amazikhulupirira oimba ambiri, ndipo zili ndi pochokera, koma monga wazinenera si zoona. Lidi ndi rizimu ndi ntchito zimene woimba amagwira m'gulu, osati mitundu ya magitala, ndipo gitala iliyonse ya nsambo 6 ingathe kugwira ntchito zonse ziwirizi. Gitala imene muli nayoyo inayamba kugulitsidwa ndi kampani ya Fender mu 1950 ikudziwika ndi dzina lakuti Broadcaster, ndipo inatchedwa Telecaster mu 1951. N'zoona kuti oimba country anaikonda kwambiri, ndiponso n'zoona kuti Keith Richards wa gulu la Rolling Stones anatchuka nayo poimba rizimu. Komabe Jimmy Page anaimbira Telecaster lidi yaukali ya rock pa chimbale choyamba cha Led Zeppelin cha mu 1969, pamene Ed Bickert wa ku Canada anaimbira gitala yomweyo jazz yofewa kwa zaka zambiri. Mbali inayo, Les Paul imene mnzanuyo akuitenga ngati gitala ya lidi ndi imene Bob Marley ankakonda kuimbira rizimu, pakuti gitala yake yotchuka inali Les Paul Special.

Sindikunena kuti magitala onse amalira mofanana, ayi. Kusiyana kulipo ndithu, ndipo mbali yaikulu ya kusiyanako imachokera ku ma pickup, amene ali maginito okulungidwa ndi waya wopyapyala wa kopa, omwe amasandutsa kunjenjemera kwa nsambo kukhala mphamvu yamagetsi yopita ku ampulifaya. Telecaster ndi Stratocaster, imene inatuluka mu 1954, kawirikawiri zimakhala ndi ma pickup a single-coil, amene amatulutsa mawu owala, akuthwa ndi omveka bwino, moti nsambo iliyonse imamveka payokha ngakhale woimba athamange bwanji. Vuto lake n'lakuti ma pickup amenewa amakoka phokoso la magetsi a m'nyumba ndi la magetsi ounikira, ndipo phokosolo limakula kwambiri mukawonjezera distortion, kutanthauza kusasitsa mawu a gitala dala kuti amveke aukali. Pofuna kuthetsa vutoli, Seth Lover wa ku kampani ya Gibson anapanga humbucker, imene ili ndi makoilo awiri olumikizidwa mosemphana kuti phokoso la mmodzi lizimitse la mnzake, ndipo inayamba kuikidwa pa Les Paul mu 1957. Humbucker imatulutsa mawu onenepa ndi amphamvu, amene amakankha ampulifaya msanga n'kuchititsa kuti noti imodzi ilire nthawi yaitali isanazirale. Apa ndi pamene panachokera chikhulupiriro cha mnzanuyo, chifukwa lidi ya rock ndi metal imadalira kwambiri kulira kotalika koteroko, ndipo anthu atamva oimba ngati Slash akuimba Les Paul anayamba kuganiza kuti lidi iliyonse iyenera kumveka choncho.

Mbiri ya magitala amenewa imasonyeza kuti ngakhale owapanga sankadziwa nyimbo zimene magitala awo adzatchuke nazo. Les Paul inatuluka mu 1952 ili ndi dzina la woimba wa jazz ndi nyimbo zotchuka za nthawiyo, ndipo malonda ake atachepa kampani ya Gibson inasiya kuipanga m'maonekedwe ake oyamba chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Inabwereranso mu 1968 chifukwa chakuti oimba blues ndi rock monga Eric Clapton ndi Mike Bloomfield anali ataitulukira n'kuichititsa kufunidwa ndi aliyense. Chimodzimodzinso Jazzmaster, imene Fender anaitulutsa mu 1958 pofuna kukopa oimba jazz: iwo sanaikonde, koma inakakondedwa ndi oimba surf ndipo pambuyo pake ndi magulu a rock yaphokoso. Chochititsa chidwi n'chakuti magitala awiriwa anapangidwa dala kuti azigwira ntchito zonse ziwiri, moti Jazzmaster ili ndi switchi yosinthira pakati pa mawu a rizimu ndi a lidi, ndipo pa Les Paul mawu akuti Rhythm analembedwa pa switchi penipeni.

Chinthu chachiwiri chimene chimakhudza woimba lidi ndi khosi la gitala, ndipo kwa ine chimenechi n'chofunika kwambiri kuposa dzina lolembedwa kumutu kwa gitalayo. Pa magitala ambiri a Fender, mbali ya nsambo imene imanjenjemera ndi yotalika mainchesi 25.5, pamene pa a Gibson ndi mainchesi 24.75, ndipo kusiyana kochepaku kumachititsa kuti nsambo za kukula kofanana zikhale zokungika kwambiri pa Fender ndi zofewerapo pa Gibson. Woimba lidi amene amakonda kukankhira nsambo m'mwamba kuti noti ikwere amamva kusiyanaku m'zala zake. Palinso nkhani ya kupindika kwa pamwamba pa khosi pamene zala zimadina: magitala akale a Fender anali opindika kwambiri, zimene zimathandiza pogwira makodi koma zimatha kuchititsa noti kufa mukaikankha patali nsambo zili pafupi kwambiri ndi ma fret (tizitsulo topingasa pa khosi la gitala), pamene a Gibson ndi a Ibanez ndi athyathyathyako. Ma Telecaster ambiri a masiku ano ali pakati ndi pakati, ndiponso thupi lawo n'losemedwa kumunsi kwa khosi moti dzanja limafika bwinobwino ku ma fret a pamwamba.

Tikabwera ku nyimbo zimene gulu lanu limaimba, ndikuona kuti gitala imene muli nayo ikukuyenerani kuposa imene mukuuzidwa kuti mugule. Mu rumba ya ku Congo, mmene magulu aakulu amakhala ndi gitala ya solo (lidi), ya mi-solo (yapakati pa lidi ndi rizimu) ndi ya rizimu zikulukana pamodzi, lidi imaimbidwa pa ma fret a pamwamba ndi mawu oyera opanda distortion, ndipo chimene chimafunika ndi chakuti noti iliyonse imveke payokha pakati pa magitala enawo. Imeneyi ndi ntchito imene single-coil imaigwira bwino koposa. Mu reggae mumafunika kugunda kwafupi ndi kwakuthwa pa rizimu, ndipo lidi yake nthawi zambiri imakhala ya mawu ochepa oikidwa m'mipata imene woimba pakamwa wasiya. Nyimbo zauzimu zambiri za masiku ano zimafuna mawu oyera kapena a overdrive (distortion yofewa) pang'ono, owonjezeredwa delay ndi reverb, zimene zimachititsa mawu kubwerezabwereza ndi kumveka ngati m'chipinda chachikulu. Ndi pa rock pokha pamene mungamve ngati mawu a gitala yanu achepa thupi, ndipo vutoli limatha ndi pedulo ya overdrive imene imakweza mawu a pakati, chifukwa mawu a pakatiwo ndi amene amachititsa lidi kumveka pamwamba pa ng'oma, besi ndi kiyibodi.

Musanaganize zogula gitala ina, pitani nayo imeneyi kwa katswiri wokonza magitala kuti awongole khosi, atsitse nsambo kufika pamene zala zanu zikumasuka, ndiponso aonetsetse kuti noti za pa ma fret a pamwamba sizikusokera, pakuti woimba rizimu amatha zaka osazindikira vuto limeneli pamene woimba lidi amakumana nalo tsiku loyamba. Ngati nsambo zanu ndi zonenepa, yesani za 9 mpaka 42 kapena za 10 mpaka 46 (manambalawa amasonyeza kunenepa kwa nsambo yopyapyala kwambiri ndi kwa yonenepa kwambiri). Phunziraninso kugwiritsa ntchito pickup ya kufupi ndi khosi pa lidi yofatsa, ndiponso kubweza pang'ono batani la toni pamene mukuimbira pickup ya kumunsi, chifukwa anthu ambiri amene amadandaula kuti Telecaster imalasa m'makutu amakhala kuti sanakhudzepo batani limenelo. Mukachita zonsezi koma phokoso la magetsi n'kumakusowetsanibe mtendere, pali ma humbucker opangidwa mu saizi ya single-coil amene amalowa pamalo pomwepo popanda kusema thupi la gitalayo.

FUNSO: Ndinapatsidwa gitala yamagetsi ya mphako mkati, yokhala ndi mabowo awiri pamwamba. Ndikamaimba mokweza ndi distortion imayamba kulira yokha. Kodi yawonongeka, kapena ndi ya jazz yokha?

YANKHO: Siinawonongeke. Mawu ochokera ku sipika amagwedeza thupi lamphakolo, thupilo limagwedeza nsambo, ndipo ma pickup amabwezera kugwedezekako ku ampulifaya, motero kulirako kumangozungulira n'kumakula. Apa ndi pamene mtundu wa gitala umaikadi malire, ndipo n'chifukwa chake magitala a mphako yathunthu, monga Gibson L-5 imene Wes Montgomery ankaimba ndi chala chake chachikulu, amapezeka kwambiri mu jazz, mmene oimba sakweza mawu kwambiri. Mu 1958 Gibson anatulutsa ES-335, imene ili ndi mtengo wolimba wodutsa pakati pa thupi lake kuti kulira kotereku kuchepe, ndipo magitala a mtundu umenewu amaimba blues ndi rock popanda vuto lalikulu. Suzumirani m'bowo la gitala yanu kuti muone ngati mtengowo ulimo. Ngati mulibe, imani patali ndi ampulifaya ndipo musayang'anizane nayo, chepetsani gain (batani lowonjezera distortion) ndi mawu a pansi, ndiponso tsekani mabowowo ndi siponji yofewa. Woimba blues B.B. King ankafuna kupewa vuto lomweli, moti gitala yake ya Lucille imene Gibson anadzayamba kuipanga inalibe mabowo n'komwe.

FUNSO: Ndikungoyamba kumene ndipo ndimakonda metal. Kodi ndiyenera kukhala ndi ma fret 24 ndi buriji ya Floyd Rose?

YANKHO: Pa metal humbucker ya kumunsi ndi yofunikadi, chifukwa gain yochuluka imene nyimbozi zimafuna imakulitsa phokoso la single-coil mpaka kusokoneza. Ma fret 24, amene amapezeka pa magitala monga Ibanez RG imene inatuluka mu 1987, amangowonjezera noti ziwiri pamwamba pa za gitala ya ma fret 22, ndipo padzapita nthawi musanayambe kuzifuna. Koma Floyd Rose, imene ili buriji (chitsulo chogwira nsambo pa thupi la gitala) yokhala ndi kandodo kokwezera ndi kutsitsira mawu, sindingakulimbikitseni kuti muyambe nayo. Imasunga chuni bwino kwambiri ngakhale muikoke mwamphamvu, koma chifukwa chakuti imayandama pakati pa kukoka kwa nsambo ndi kwa masipuling'i a kumbuyo, nsambo imodzi ikaduka zonse zotsala zimasokonekera, ndipo kusintha nsambo kapena kutsitsa chuni kumakhala ntchito yaitali. Popeza nyimbo zambiri za metal zimaimbidwa nsambo yonenepa kwambiri itatsitsidwa kuchoka pa E kufika pa D kapena kutsikirapo, gitala ya buriji yokhazikika idzakulolani kusintha chuni mosavuta pamene mukuphunzira nyimbo zosiyanasiyana.