Funsani dokotala: Kodi makina a shockwave amachizadi chidendene ndi mitsempha yowawa?

Funso: Adokotala, ndine mayi wa zaka 46, ndimagwira ntchito yoimirira tsiku lonse m'sitolo ku Johannesburg. Patha miyezi 8 chidendene chakumanja chikundiwawa, makamaka ndikangotsika pabedi m'mawa. Kumafizo andiuza kuti ndiyese makina a shockwave. Kodi amenewa ndi magetsi? Nanga ndikalipira ndalama zanga ndichira?

Yankho: Mayi, ululu wobaya pansi pa chidendene mukangoponda koyamba m'mawa, womwe umachepako mukayendayenda kenako n'kubweranso madzulo, kawirikawiri umachokera pa mtsempha wolimba umene umayambira pachidendene n'kukafika ku zala. Madokotala amautchula vutoli kuti plantar fasciitis. Mtsemphawo umakhala utatopa ndiponso utakhuthala pamalo pomwe wagwira fupa.

Makinawa salowetsa magetsi m'thupi. Amatumiza mafunde amphamvu a kugunda odutsa pakhungu. Njirayi inayambira ku Munich, m'dziko la Germany, mu 1980, pophwanya miyala ya mu impso popanda opaleshoni, ndipo m'zaka za m'ma 1990 madokotala a mafupa anayamba kuigwiritsa ntchito pa mitsempha, atachepetsa mphamvu yake. Alipo a mitundu iwiri. Amene amapezeka kwambiri kumafizo ndi a radial: mpweya wopanikizidwa umakankha kachitsulo m'kati mwa chogwirira, kachitsuloko n'kumenya mutu wa makina womwe wakhudza khungu. Ena ndi a focused, amene amalunjikitsa mphamvu pamalo amodzi ndipo amafika mozama.

Mukapita, amayamba ndi kufufuza ndi chala pomwe pakuwawa kwambiri, amapakapo mafuta oterera aja a sikani, n'kukanikizapo makinawo. Amagunda pafupifupi maulendo 2,000, zomwe zimatenga mphindi 5 mpaka 10. Nthawi zambiri mumapitako katatu mpaka kasanu, kamodzi pa mlungu. Zimawawa ndithu, koma ululuwo uzikhala woti mukhoza kuupirira; ukanyanya nenani achepetse mphamvu. Musapemphe jakisoni wochititsa dzanzi, chifukwa kafukufuku anaonetsa kuti amachepetsa phindu la chithandizochi, komanso wogwira makinawo amadalira inuyo kumuuza kuti apa ndiye penipeni.

Cholinga chake ndi kudzutsa mtsempha womwe unasiya kudzikonza, kuti magazi ayambenso kufikapo bwino ndi kuti timinyewa tonyamula ululu tizizire. N'chifukwa chake simuchira tsiku lomwelo. Kusintha kwenikweni kumaoneka pakatha milungu 6 mpaka 12, ndipo ambiri amakhumudwa msanga chifukwa palibe anawauza zimenezi. Masiku awiri oyamba pamalopo pakhoza kufiira, kutupa pang'ono kapena kuwawa kuposa kale. Imwani Panado. Brufen, diclofenac ndi Indocid zipeweni pa nthawi ya chithandizoyi ngati dokotala wanu sanakuuzeni zina, popeza zimaletsa kutupa kochepa kuja komwe makinawo akufuna kuyambitsa. Musathamange kapena kudumpha kwa maola 48.

Za kuchira, palibe angakulonjezeni. Alipo ambiri amene amapeza bwino, aliponso amene saona kusintha. Bungwe la NICE la ku Britain, lomwe limapereka malangizo a zachipatala, litaunika umboni wa chidendene mu 2009 linapeza kuti njirayi ilibe chiopsezo chachikulu, koma zotsatira za kafukufuku zinali zosiyanasiyana. Poti inu mwavutika miyezi 8, kuyesa n'koyenera, pokhapokha mutayamba mwachita mokwanira zinthu zosalira ndalama. Musanatsike pabedi, ikani phazi lowawalo pa bondo linalo, gwirani zala zonse n'kuzikokera m'mwamba mpaka mumve kukoka pansi pa phazi. Gwirani masekondi 10, bwerezani ka 10, katatu pa tsiku. Siyani mapatapata ndi nsapato zaphwatalala, musayende opanda nsapato pasimenti, ndipo kuntchito pemphani kampando kokhalapo pang'ono. Ngati akujambulani n'kuona kafupa kosongoka pachidendene, musaope: anthu ambiri ali nako osamva kanthu, ndipo makinawa sakathyola.

Funso: Ndine bambo wa zaka 38 wa ku Zomba, ndimasewera mpira Loweruka lililonse. Mtsempha wa kumbuyo kwa kakolo watupa ndipo ukuwawa. Milungu itatu yapitayo anandibaya jakisoni pamalopo, ululu unaleka koma wayambiranso. Kodi ndifunefune makinawa?

Yankho: Bambo, dikirani kaye. Jakisoniyo ayenera kuti anali wa steroid, mankhwala ochepetsa kutupa, ndipo mankhwala amenewa amafooketsa mtsempha kwa kanthawi. Shockwave sachitika pasanathe milungu 6 chibayireni, ndipo zipatala zina zimadikira mpaka milungu 12. Musalolenso kubayidwa wina mu mtsempha umenewu, womwe ndi wa Achilles, chifukwa ukhoza kuduka. Dziwaninso kuti ciprofloxacin, amene anthu amamwa kwambiri pa matenda a m'mimba ndi a chikhodzodzo, amatha kuyambitsa vuto lomweli. Ngati munamwa posachedwa, kauzeni dokotala.

Mankhwala enieni a mtsempha umenewu ndi kuupatsa ntchito pang'onopang'ono. Imani pa sitepe ya khonde, zala zili pa sitepe, zidendene zikulendewera. Nyamukani ndi miyendo yonse iwiri, kenako tukulani mwendo wabwinowo n'kutsitsa chidendene chowawacho mwapang'onopang'ono mpaka chipitirire mlingo wa sitepe. Chitani ka 15 katatu bondo lili lowongoka, ka 15 katatu bondo litapindika pang'ono, m'mawa ndi madzulo, kwa milungu 12. Zikayamba kupepuka, berekani chikwama chokhala ndi mabuku. Kuwawa pang'ono pochita si vuto; koma mukadzuka mawa lake kutanyanya, ndiye kuti mwaonjeza, chepetsani. Ngati ululu uli pansi penipeni pomwe mtsempha wagwira fupa, chitirani pamalo athyathyathya, musatsitse chidendene kupitirira. Makinawa amaganiziridwa zimenezi zikakanika pakatha miyezi itatu, ndipo ngakhale pamenepo amayendera limodzi ndi masewera olimbitsa mtsempha a pa sitepewa. Amene amangogundidwa ndi makina n'kubwerera m'bwalo la mpira, ululu umawabwerera.

Tsiku lina mukadzamva ngati wina wakumenyani kumbuyo kwa mwendo, n'kulephera kuimirira pa zala, mtsempha waduka. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Funso: Mayi anga akumwa mankhwala a TB ndipo mapazi awo onse awiri amatentha ndi kuchita dzanzi usiku. Makinawa angawathandize?

Yankho: Ayi, limeneli ndi vuto lina. Kutentha ndi dzanzi kumapazi onse awiri kumachokera ku minyewa, ndipo isoniazid, mmodzi mwa mankhwala a TB, amachita zimenezi. Asasiye mankhwalawo paokha. Apite nawo kuchipatala komwe amalandirira akafunse za pyridoxine, yemwe ndi vitamini B6, komanso akayezetse shuga ndi HIV, popeza nazonso zimabweretsa dzanzi lotere. Phazi lomwe silikumva bwino siliyenera kugundidwa ndi makinawa. Enanso osayenera ndi amayi oyembekezera, amene akumwa warfarin (mankhwala oletsa magazi kuundana) kapena ali ndi vuto la magazi osaundana, amene ali ndi bala, mafinya kapena khansa pamalopo, ndi ana omwe mafupa awo akukulabe. Wokhala ndi pacemaker, kachipangizo kothandiza mtima kugunda bwino, anene asanayambe chithandizo.